Buku Limene Linatsagana ndi Makolo Athu ku Migodi

Aliyense woyenda m'dera la Ngezi, Kadoma ndi Chegutu m'dziko la Zimbabwe amakumana ndi mabanja a Aphiri, Abanda ndi Amwale. Makolo a anthu amenewa anachokera ku Nyasaland, ku Chipata ndi ku Tete kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya golide, monga wa Cam and Motor kufupi ndi Kadoma ndi wa Dalny ku Chakari. Masiku amenewo Kadoma ankatchedwa Gatooma ndipo Chegutu ankatchedwa Hartley, kufikira chaka cha 1982. Ambiri sanabwererenso kwao, nasanduka machona. Tifunse tsono: kodi chinasunga chikhulupiriro chao kutali ndi kwao nchiyani?

Abusa anali osowa. Mbusa T.C.B. Vlok, amene anayambitsa nawo mishoni ya Mvera m'chaka cha 1889, anapita ku Salisbury m'chaka cha 1912 kukaweta Akhristu ochokera ku Nyasaland. Koma mbusa mmodzi sakanatha kufika pa komboni iliyonse ya dziko lalikulu lotere. Mapemphero a pa Sabata ankatsogozedwa ndi alaliki, akulu a mpingo ndi antchito wamba amene anaphunzira kuwerenga m'sukulu za m'midzi. Munthu wotuluka pansi pa mgodi ndi fumbi kumaso ankasamba, natsegula Malembo, nawerengera anzake. Zinali monga pa Machitidwe 8:4, pamene okhulupirira obalalitsidwa ndiwo anafalitsa Uthenga Wabwino kumene anathawira.

Mulungu anali atawakonzera kale chakudya cha paulendo. Kuyambira chaka cha 1900 amishoni osiyanasiyana anagwirizana kumasulira Baibulo limodzi la Chinyanja. Mbusa William Murray ndi Amalawi omuthandiza anaimaliza ntchitoyo m'chaka cha 1919, ndipo Buku Lopatulika linasindikizidwa m'chaka cha 1922. Bukuli linalowa m'masutikesi ndi m'mitolo ya anthu opita ku Halale. Mbewu imeneyo inakula mpaka m'chaka cha 1965 mipingo ya CCAP ya m'dzikomo inakhala sinodi payokha, imene lero ndi Sinodi ya Harare.

Komatu njira imene inadzera Buku inadzeranso ziphunzitso zoonjezera pa Buku. M'zaka za 1908 ndi 1909 Elliot Kamwana anabatiza anthu zikwizikwi ku Nkhata Bay, nalalikira kuti ufumu watsopano udzafika m'chaka cha 1914. Chiphunzitso cha Chitawala chinafika m'makomboni a migodi ya Southern Rhodesia, ndipo chinakoma m'makutu a anthu olemedwa ndi msonkho ndi malipiro ochepa. Kulira kwao kunali koona, pakuti Mulungu amadana ndi kupondereza wantchito. Koma tsikulo silinachokere m'Malembo. Pa Mateyu 24:36 Ambuye Yesu anaphunzitsa kuti nthawi ya kubwera kwake aidziwa Atate okha. Chaka cha 1914 chinafika, chinabweretsa nkhondo, ndipo chinapita.

M'zaka za 1933 ndi 1934 kunabukanso Mchape. Anthu ochokera ku Mulanje anayenda mpaka m'maiko oyandikana, atanyamula kalilole woonera mfiti ndi mankhwala akumwa, nalonjeza kuti ufiti utha. Akhristu ena anamwa nawo, poganiza kuti mwazi wa Yesu ufunika wouthandiza. Ufiti sunathe, mantha sanachoke. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mbiriyi itiphunzitsa chinthu chimodzi. Pamene makolo athu anali ndi Malembo okha, sanasowe kanthu pa chipulumutso ndi pa makhalidwe. Pamene ena anafuna chinthu china choonjezera, anagwira mphepo. Mtumwi Paulo pa 2 Timoteo 3:15-17 akuonetsa kuti Malembo anachokera kwa Mulungu mwini, kuti amatsogolera munthu ku chipulumutso mwa Khristu, ndi kuti amamukonzekeretsa kotheratu kuchita zabwino. Chokwanira sichifuna chigamba.

Mayesero sanathe. Kuyambira chaka cha 2000, pamene mafamu analandidwa, mabanja ambiri a antchito anataya nyumba ndi ntchito, ndipo magulu opemphera a m'mafamu anamwazikana. Lero achinyamata afunafuna ntchito ku mgodi wa platinamu wa Zimplats ku Ngezi, ena akumba golide m'maenje oopsa. Munthu wosautsidwa chotere savuta kumunyenga. Alipo odzitcha aneneri amene agulitsa mafuta, madzi ndi zibangili, nati m'menemo muli mwayi ndi chitetezo. Kodi ameneyu si Mchape wovala suti?

Tichite monga anthu a ku Bereya pa Machitidwe 17:11, amene anayesa ngakhale ulaliki wa Paulo poufananiza ndi Malembo tsiku ndi tsiku. Loto, ulosi, mwambo wa makolo, lamulo la mpingo, ndi ulaliki umene timva pa wailesi, zonsezi ziyenera kugwada pansi pa Mau a Mulungu. Ngati ana athu samvanso bwino Chichewa, tiwapezere Baibulo la Chishona kapena la Chingerezi, pakuti mphamvu ili mu uthenga wake. Madzulo ano tisonkhanitse banja, titsegule Buku, tiwerenge, ndipo zimene tawerengazo tizichite. Ambuye atithandize. Amen.