Mkuwa Umapha Tizilombo, Koma Tisamati Umachiza

Mawu akuti "mankhwala" tawasenzetsa katundu wambiri. Akumwa amene timalandira ku St Francis ku Katete ndi mankhwala, opopera tomato m'madimba a ku Sinda ndi mankhwala, a makoswe nawonso ndi mankhwala. Wolankhula bwino amamaliza mawu, kunena kuti ndi a chiyani ndipo amachita chiyani. Masiku ano tazolowera kudukiza, ndipo pa nkhani ya mkuwa kudukiza kumeneku kungagoneke munthu m'chipatala.

N'zoona kuti mkuwa umapha tizilombo toyambitsa matenda. Mu 2008 bungwe la EPA ku America linavomereza kuti zitsulo zokhala ndi mkuwa wambiri zimapha mabakiteriya ogwera pamwamba pake, ndipo mu 2020 ofufuza anaona kuti kachilombo ka Covid-19 sikapitirira maola 4 pamkuwa. Komatu zimenezi zimachitikira pachogwirira chitseko, kunja kwa thupi. Mneni woyenera pamenepo ndi "kupha". "Kuchiza" n'kwa munthu amene matenda amulowa kale, wathandizidwa mpaka wadzuka. Muulutsi akangoti "mkuwa ndi mankhwala ochiza matenda", mlimi wa ku Vubwi amene wasunga paketi ya kopa, mkuwa wopopera mbewu, amva chiyani? Iyenso amautcha mankhwala. Kopa ameneyo munthu akamwa amasanza, ndipo chiwindi ndi impso zimawonongeka. Thupi limafuna mkuwa wochepa kwambiri, umene timaupeza kale mu mtedza ndi nyemba. Pa nthenda yotchedwa Wilson, mkuwa umaunjikana m'chiwindi ndi mu ubongo, moti ntchito ya madokotala ndi kuuchotsa.

Zibangili za mkuwa nazo amazigulitsa ndi mneni yemweyu wa "kuchiza". Mu 2013 ofufuza a pa yunivesite ya York ku England anafalitsa zimene anapeza ataziyesa pa anthu 70 odwala nyamakazi: ululu ndi kutupa sizinachepe chifukwa cha chibangili. Valani ngati chikukukhalani, koma agogo asasiye mapiritsi awo.

Chimandiwawa kwambiri ndi kusintha "akuyesa" kukhala "apeza". Ku Australia akhala akuyesa mankhwala okhala ndi mkuwa otchedwa CuATSM pa nthenda yofoola mitsempha ya ALS. Kuyesa ndi kufunsa ngati chinthu chingathandize, ndipo yankho likhoza kukhala lakuti ayi. Wolemba "apeza mankhwala" wayankhira madokotala funso limene iwo akadali kufufuza, ndipo banja la wodwala lingagulitse mbuzi chifukwa cha mawu akewo.

Mkuwa umene anthu akuno amakumana nawo kuchipatala ndi wa lupu, njira yolera imene imagwira ntchito zaka 10 kapena kuposerapo. Anamwino amaifotokoza molondola, kuti imateteza mayi kuti asatenge pakati, siichiza nthenda iliyonse, ndipo siiteteza ku HIV. Olemba nkhani ndi aulutsi akamve mmene anamwinowa amasankhira aneni awo patsiku la sikelo.