Mpweya wa carbon monoxide ndi alamu yake m'malo osamalira ana

Carbon monoxide ndi mpweya wapoizoni umene umatuluka pamene makala, nkhuni, parafini, gasi, petulo kapena dizilo zikuyaka pamalo osalowa mpweya wokwanira. Suoneka, sununkha, ndipo sutsokomoletsa monga uchitira utsi. Apa ndi pamene ambiri amanamizika. Utsi ukatha pambaula ndipo makala akafiira bwino, anthu amayesa kuti tsopano angathe kulowa nayo m'nyumba, chikhalirecho makala ofiirawo amapitiriza kutulutsa mpweyawu kufikira atazimiratu.

Munthu akaupuma, mpweyawu umalowa m'magazi n'kukakamira ku hemoglobin, gawo la magazi limene limanyamula okisijeni. Kukakamira kwake kumaposa kwa okisijeni ka 200 kapena kupitirira apo, motero ngakhale utakhala wochepa m'chipinda, umachulukana m'thupi pang'onopang'ono, ubongo ndi mtima n'kuyamba kuperewera okisijeni. Ana ali pachiopsezo chachikulu kuposa akuluakulu chifukwa amapuma mofulumira poyerekeza ndi kukula kwa matupi awo. Komanso mwana wa zaka ziwiri sanganene kuti mutu ukumupweteka. Amangolira, kukana phala kapena kuodzera. M'sukulu za mkombaphala ndi m'malo ena osungirako ana masana, kuodzera si chinthu chodabwitsa mlezi. Mwana amene akukomoka pamphasa amaoneka ngati mnzake amene wangogona tulo tabwino, ndipo mlezi amene ali m'chipinda chomwecho nayenso maganizo ake amakhala akuyamba kusokonekera.

Zizindikiro zake ndi kupweteka mutu, chizungulire, nseru, kusanza, kufooka ndi kubalalika maganizo. Zimafanana ndi za malungo, ndipo n'chapafupi kuzisokoneza. Kusiyana kwake n'kwakuti kawirikawiri thupi silitentha, ana angapo amadwala nthawi imodzi m'chipinda chimodzi, ndipo amayamba kupeza bwino akatulutsidwa panja.

Popeza mphuno ndi maso sizingauzindikire, mayiko ena anaika m'malamulo kuti pakhale alamu, kachipangizo kamene kamayeza mpweyawu usana ndi usiku n'kulira ukafika poipa. M'chigawo cha California ku America, kuyambira pa 1 Januwale 2015 malo onse osamalira ana amene ali ndi chiphaso ayenera kukhala ndi alamu imodzi kapena zingapo. Ku England, lamulo la 2015 linakakamiza eni nyumba za lendi kuika alamu m'chipinda chilichonse choyatsamo nkhuni kapena malasha, ndipo pa 1 Okutobala 2022 linakulitsidwa kuti likhudzenso zotenthetsera zokhazikika za gasi ndi mafuta, kupatulapo masitovu ophikira a gasi. Ku Scotland, kuyambira mu Febuluwale 2022, nyumba iliyonse yokhala ndi chotenthetsera chotere iyenera kukhala ndi alamu.

Malamulo amenewa ndi a mayiko a eni, kumene vuto limachokera ku zotenthetsera nyumba m'nyengo ya chisanu. Kuno ku Malawi mpweya ndi womwewo, koma magwero ake ndi ena: mbaula yolowetsedwa m'chipinda m'miyezi ya Juni ndi Julayi, makamaka m'madera ozizira monga Dedza, Ntchisi ndi Mzuzu, mazenera ali otseka chifukwa cha chiperoni, khitchini yophikira phala yogundana ndi chipinda cha ana, ndiponso jenereta yolizidwa pakhonde kapena m'chipinda chosungira katundu magetsi akazima. Jenereta ndiyo yoopsa kwambiri, chifukwa ingathe kudzaza chipinda chotseka m'mphindi zochepa chabe. Bungwe loona za matenda la ku America, CDC, limalangiza kuti ikhale panja, mamita 6 kapena kuposerapo kuchokera pakhomo ndi pazenera. Alimi amene amafunditsa anapiye ndi mbaula m'chipinda cha nyumba yogonamo ana ali pangozi yomweyo.

Alamu yodalirika imadziwika ndi muyeso umene inayesedwera, ndipo muyesowo umalembedwa pa chipangizocho. Wa ku Ulaya ndi EN 50291; wa ku America ndi UL 2034. Kuchuluka kwa mpweyawu kumawerengedwa mu ppm, kutanthauza magawo pa miliyoni imodzi ya mpweya wa m'chipinda. Alamu ya EN 50291 iyenera kulira pakati pa mphindi 60 ndi 90 mpweya ukakhala pa 50 ppm, pakati pa mphindi 10 ndi 40 ukakhala pa 100 ppm, ndipo pasanathe mphindi 3 ukafika pa 300 ppm. Ya UL 2034 imadikira motalikirapo: pa 70 ppm imalira pakati pa mphindi 60 ndi 240, pa 400 ppm pakati pa mphindi 4 ndi 15. Kuchedwaku kunaikidwa dala kuti alamu isamalire pa kautsi kongodutsa, koma kumatanthauzanso kuti kukhala chete kwa alamu si umboni wakuti m'chipinda mulibe mpweyawu. Alamu ndi mlonda wotsiriza. Silowa m'malo mwa zenera lotsekula, ndipo sipereka chilolezo cholowetsa mbaula kwa ana.

Amalonda oitanitsa ndi kugulitsa zipangizozi ayenera kusamala pa mfundo ziwiri. Alamu ya utsi ndi alamu ya carbon monoxide ndi zinthu zosiyana ngakhale zimafanana maonekedwe, ndipo ya utsi siilira ngakhale mpweyawu utadzaza chipinda, pokhapokha ikhale yamtundu umene unapangidwira ntchito zonse ziwiri. Chinanso, kachida koyezera ka m'kati mwake kamatha mphamvu pakapita zaka 5 mpaka 10, malinga ndi mtundu wake, ndipo batire yatsopano sikabwezera mphamvuyo. Alamu yopanda muyeso, yopanda dzina la opanga ndiponso yopanda deti lothera ntchito ndi yoipa kuposa kusakhala nayo, pakuti imagoneka mitima ya alezi pachabe. Poti magetsi amazimazima, ndipo jenereta imalizidwa nthawi yomweyo imene azima, alamu yoyenera ndi ya batire, kapena ya magetsi yokhalanso ndi batire.

Kulemera kwa carbon monoxide n'kofanana pafupifupi ndi kwa mpweya wamba, kotero umasakanikirana ndi mpweya wa m'chipinda, ndipo ukakhala wotentha umakwera m'mwamba. M'chipinda chokhala ndi choyatsira moto, alamu iikidwe mita 1 mpaka 3 kuchokera pa motowo, kudenga kapena pamwamba pakhoma. Ikakhala kudenga, italikire masentimita 30 kuchokera kukhoma. M'chipinda chogona ana iikidwe kufupi ndi pamene amagona, pamalo pamene manja awo sangafikepo. Isaikidwe kuseri kwa kabati kapena katani, pafupi ndi zenera kapena chitseko, kapenanso ponyowa. Malo okhala ndi zipinda zogona zingapo afunika alamu pa chipinda chilichonse. Batani loyesera lidinidwe kamodzi pamwezi, ndipo ndi nzeru kuti komiti ya makolo izilemba tsiku loyesera m'buku limene amalembamo mayina a ana.

Alamu ikalira, ana onse atulutsidwe panja msangamsanga ndipo awerengedwe, ogona adzutsidwe kapena anyamulidwe. Zitseko zisiyidwe zotsekula, ndipo moto kapena jenereta zizimitsidwe ngati kutero sikuchedwetsa kutuluka. Pasapezeke wobwerera m'kati kukatenga zikwama. Mwana aliyense amene wasanza, wafooka kapena akuvuta kudzuka apite naye kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo achipatala auzidwe kuti anali m'chipinda cha mbaula kapena pafupi ndi jenereta, kuti asangomuyeza malungo okha. Mlezi woyembekezera apite ngakhale akudzimva bwino, chifukwa magazi a mwana wosabadwa amasunga mpweyawu nthawi yaitali. Mkaka, mafuta ophikira kapena madzi ozizira sizichotsa poizoniyu. Mankhwala ake ndi okisijeni: munthu akamapuma mpweya wamba zimatenga maola 4 mpaka 5 kuti theka la poizoniyo lichoke m'magazi, pamene ndi okisijeni ya kuchipatala zimatenga ola limodzi kapena limodzi ndi theka.