Digiri ndi Geni

Yunivesite ya Malawi itayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri, mumzinda wa Blantyre, cholinga chachikulu chinali kusula anthu odzakhala pamipando yomwe atsamunda ankasiya. Womaliza maphunziro ankapeza ntchito ya boma ikumudikira. Geni inkaoneka ngati ya olephera sukulu.

M'zaka za m'ma 1990, potsatira malangizo a IMF ndi Banki ya Dziko Lonse, boma linachepetsa kulemba anthu ntchito ndipo linagulitsa makampani ake ambiri. Komabe ife amene tinalowa koleji cha m'ma 2000 tinkaphunzira za bizinesi pabolodi pokha. Phunziro lenileni linali kumahostelo: wina ankagulitsa mayunitsi a foni, wina ankaoda kaunjika ku Limbe. Anzathu osabweza ngongole ndiwo anatiphunzitsa kusunga kaundula wa ndalama.

Mu 2021 Polytechnic inasanduka MUBAS, ndipo mawu oti bizinesi analowa m'dzina lenilenilo. Ndiona kuti makalasi nawonso akusintha. Mwana wa mchemwali wanga, yemwe ali pakoleji ina, anauzidwa kuyambitsa geni ndi anzake kuti apeze malikisi. Anasankha chiponde. Mabotolo 12 sanagulidwe, ndipo mphunzitsi anawalamula kuti alembe chifukwa chake.