Mlandu wa manda a ku Mtangatanga

Mlandu wa manda a ku Mtangatanga ndi mlandu wozembetsa anthu umene unayamba mu Okutobala 2022, apolisi atafukula mitembo ya anthu 30 m'nkhalango ya boma ya Mtangatanga, m'boma la Mzimba kumpoto kwa Malawi. Onse anali amuna, ndipo apolisi ananena kuti anali nzika za dziko la Ethiopia zimene zinali pa ulendo wopita ku South Africa. Nkhaniyi inalowa m'ndale mu Novembala chaka chomwecho pamene apolisi anamanga Tadikira Mafubza, mwana womupeza wa a Peter Mutharika, amene panthawiyo anali mtsogoleri wakale wa dziko komanso mtsogoleri wa chipani chotsutsa cha Democratic Progressive Party (DPP). Mu Juni 2024 bwalo lalikulu la milandu ku Mzuzu linamasula Mafubza ndi anthu ena asanu ndi awiri amene ankazengedwa naye limodzi.

Kupezeka kwa manda

Anthu a m'midzi yoyandikana ndi nkhalangoyi ndiwo anayamba kuona mandawo, n'kukanena kupolisi. Tsiku loyamba apolisi anafukula mitembo 25 m'dzenje limodzi. Mitembo ina inapezeka chapafupi m'masiku otsatira, mpaka chiwerengero chinafika pa 30. Mneneri wa apolisi, a Peter Kalaya, anauza atolankhani kuti omwalirawo anali a zaka zapakati pa 25 ndi 40. Katswiri wopima mitembo anapeza kuti anthuwa anafa chifukwa chobanika, zomwe zimachitika anthu ambiri akatsekeredwa m'galimoto yonyamula katundu yopanda polowera mpweya.

Nkhalango ya Mtangatanga ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 250 kumpoto kwa Lilongwe, m'dera la mapiri a Viphya limene msewu wa M1 umadutsa. Apolisi ananenanso kuti kuyambira Januwale mpaka Seputembala 2022 anali atagwira anthu 221 olowa m'dziko popanda chilolezo, ndipo 186 mwa iwo anali a ku Ethiopia.

Njira ya kumwera

Amuna a ku Mtangatanga anafera pa njira imene mabungwe oona za anthu osamuka amaitcha njira ya kumwera. Ambiri oyenda njirayi ndi anyamata ochokera kumwera kwa Ethiopia, makamaka m'madera a Hadiya ndi Kembata, amene amapita kukagwira ntchito m'timashopu ta abale awo ku South Africa. Amadutsa ku Kenya ndi ku Tanzania, n'kulowa m'Malawi cha ku Karonga, kenako n'kutulukira ku Dedza, ku Mwanza kapena ku Mchinji. Pa chigawo chilichonse cha ulendowu pamakhala wowalandira ndi wowaperekeza, ndipo aliyense amadyapo. Malawi si kumene akupita, ndi pongodutsa.

Imfa za pa njirayi sizinayambire ku Mtangatanga. Mu Juni 2012 anthu oposa 40 a ku Ethiopia anamira pa nyanja ya Malawi m'boma la Karonga, boti limene anakwera litagubuduzika. Mu Malichi 2020 akuluakulu a boma la Mozambique anapeza mitembo 64 mu kontena ya lole imene inkachokera ku Malawi, m'chigawo cha Tete. Patangopita miyezi iwiri kuchokera pamene manda a ku Mtangatanga anapezeka, mitembo ina 27 inapezeka itatayidwa m'mbali mwa msewu ku Ngwerere, kunja kwa mzinda wa Lusaka ku Zambia.

Pakati pa njirayi pali msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka m'boma la Dowa, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Lilongwe. Malowa anali ndende ya andale m'nthawi ya Kamuzu Banda, ndipo anasanduka msasa mu 1994. Anakonzedwa kuti asunge anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000, koma pofika 2022 anthu anali ataposa 50,000. M'chaka chomwecho, manda asanapezeke, nthambi ya United Nations yolimbana ndi umbanda ya UNODC inalengeza kuti mogwirizana ndi apolisi a Malawi inapulumutsa anthu osachepera 90 m'manja mwa ogulitsa anthu pamsasawu. Ambiri anali amuna a ku Ethiopia, koma panalinso atsikana ndi amayi a zaka 12 mpaka 24 ochokera ku Ethiopia, Burundi ndi Democratic Republic of Congo, amene ankatengedwa kukagwiritsidwa ntchito ya uhule mumsasa momwemo, m'madera ena a Malawi ndi m'maiko oyandikana nawo. Magulu onyamula anyamata opita ku Joni ndi magulu ogulitsa atsikana amagwiritsa ntchito misewu, nyumba zobisalamo ndi ziphuphu zofanana, ndipo n'chifukwa chake nkhani ziwirizi sizilekanitsika kwenikweni.

Lamulo

M'Chichewa mawu akuti kuzembetsa anthu amanenedwa pa zinthu ziwiri zimene lamulo limazisiyanitsa. China ndi kudutsitsa munthu pamalire mozemba iye mwini atalipira. China ndi kutenga munthu mom'namiza, mom'kakamiza kapena mom'opseza pofuna kum'dyera masuku pamutu, kaya pa ntchito yakalavulagaga kapena ya uhule. Chachiwirichi ndicho lamulo la Trafficking in Persons Act la 2015 limaletsa. Chilango chake chimafika zaka 14 m'ndende, zaka 21 ngati wozembetsedwayo ndi mwana, ndipo chingafike moyo wonse ngati mlanduwo uli ndi zoukulitsa, monga imfa ya wozembetsedwayo. Lamuloli linakhazikitsidwa a Peter Mutharika ali pampando.

Kusiyanaku n'kofunika pa mlandu wonga wa Mtangatanga. Munthu amene anauyamba ulendo mwa kufuna kwake angathe kusanduka kapolo pa njira, atatsekeredwa m'nyumba mpaka abale ake atatumiza ndalama zina. Koma kuti bwalo livomereze zimenezi pamafunika mboni, ndipo pa mlanduwu amene akanafotokoza bwino za ulendowo ndi omwe anali m'dzenje.

Kumangidwa kwa Mafubza ndi mkangano wa ndale

Mafubza ndi mwana wa mayi Gertrude Mutharika, mkazi wa a Peter Mutharika. Apolisi ananena kuti galimoto imene ankaiganizira kuti inanyamula omwalirawo inali yake, ndipo anaigwira. Atamufunafuna kwa masiku angapo, iye anakadzipereka yekha kulikulu la apolisi ku Area 30 mu Lilongwe pa 23 Novembala 2022. Anakana milandu yonse. Kubwalo, iye ndi anzakewo anayankha milandu yozembetsa anthu ndi yochititsa imfa za anthu.

Chipani cha DPP chinati kumangidwaku kunali kusaka banja la a Mutharika pa zifukwa za ndale. Mawuwa anagwera pa nthaka yolimidwa kale. Chichokereni pampando mu Juni 2020, a Mutharika anali ataona bungwe lothana ndi ziphuphu la Anti-Corruption Bureau likutseka maakaunti awo akubanki pa nkhani ya simenti yolowa m'dziko osalipira msonkho, ndipo amene ankawalondera, a Norman Chisale, anali atamangidwa kangapo. Kwa otsatira DPP, mlandu wa Mtangatanga unali umodzi mwa milandu yomweyo. Kwa otsutsana nawo, unali chizindikiro chakuti malonda ozembetsa anthu sangayende popanda anthu amene ali pafupi ndi mphamvu. A Peter Mutharika eniake sanaimbidwe mlandu uliwonse pa nkhaniyi, ndipo apolisi sananene kuti akuwaganizira.

Boma la a Lazarus Chakwera nalo silinapulumuke mafunso. Galimoto yodzaza anthu siingachoke kumalire a kumpoto mpaka ku Mzimba osadutsa pa marodibuloko a apolisi, ndipo mabungwe omenyera ufulu wa anthu anafunsa za udindo wa apolisi ndi a zolowa ndi kutuluka m'dziko. Funso limeneli silinakokere anthu ngati mmene dzina la woimbidwa mlandu mmodzi linawakokera. Kuyambira Novembala 2022, zokamba za pa wailesi ndi pa Facebook zinachoka pa amuna 30 aja n'kupita pa banja la a Mutharika.

Zotsatira m'makwalala a Lilongwe

Mlanduwu uli mkati, boma linalimbitsa lamulo lakuti othawa kwawo onse azikhala ku Dzaleka. Mu Malichi 2023 unduna wa zachitetezo cha m'dziko, umene panthawiyo unali m'manja mwa a Ken Zikhale Ng'oma, unapereka tsiku la 15 Epulo kuti onse okhala m'matauni abwerere kumsasa. Kuyambira pa 17 Meyi apolisi ndi asilikali analowa m'madera a Lilongwe n'kugwira anthu mazana angapo, kuphatikizapo ana, ndipo anawasunga kundende ya Maula asanawapititse ku Dzaleka. Mashopu anatsekedwa, ndipo pamsika wa Mgona makontena a katundu analandidwa. Boma linati likuteteza dziko ndi malonda a Amalawi. Ntchitoyi sinali mbali ya mlandu wa Mtangatanga, ndipo ambiri ogwidwawo anali ochita malonda ochokera ku Burundi, Rwanda ndi Congo amene anakhala m'makomboni kwa zaka zambiri. Bungwe la UNHCR ndi la Human Rights Watch anadzudzula zimenezi, ponena kuti anthu ankabwezedwa kumsasa wodzaza kale, womwe UNODC inali itauloza chaka chapitacho ngati malo amene ogulitsa anthu amasakirako.

Chigamulo

Pa 19 Juni 2024 bwalo lalikulu ku Mzuzu linagamula kuti umboni wa boma sunali wokwanira, ndipo linamasula anthu onse asanu ndi atatu. Oimira boma anasonyeza kusakhutira ndi chigamulocho. Chinabwera patangopita masiku asanu ndi anayi kuchokera pamene wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, a Saulos Chilima, anafa pa ngozi ya ndege m'nkhalango ya Chikangawa, m'mapiri a Viphya omwewo, ndipo dziko linali pa maliro a masiku 21. Nkhani ya chigamulo inadutsa mwachangu.

Pa ndale, mlanduwu sunawatchinge a Mutharika. Mu Ogasiti 2024 msonkhano waukulu wa DPP unawasankha kuti adzaimire chipanicho, ndipo pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 anapambana ndi mavoti oposa 56 pa 100 alionse, n'kulumbiritsidwa pa 4 Okutobala. Mwa anthu asanu ndi atatu amene anazengedwa pa imfa za ku Mtangatanga, palibe amene bwalo linamupeza wolakwa.