Nyumba ya Tagore ilipo, nanga ya a Ntara?

Lachinayi ndinaweruka msanga, ndiye ndinadzera ku National Library ku Area 13 kukabweza mabuku. Potuluka ndinayenda wapansi mpaka pamanda a Kamuzu, pafupi ndi Nyumba ya Malamulo. Panali ana asukulu, aphunzitsi awo akuwawerengetsa ngodya zinayi zija. Nditaima poteropo, maganizo anandithawira ku Kolkata, komwe ndinapitako kamodzi pa maphunziro a miyezi yochepa.

Ku Kolkata kuli dera lotchedwa Jorasanko, ndipo m'kanjira kena kopanikizana muli chinyumba chofiira cha banja la Tagore. M'menemo ndi momwe Rabindranath Tagore anabadwira pa 7 Meyi 1861, ndipo anamwaliriranso momwemo pa 7 Ogasiti 1941. Uyu ndi mlakatuli amene mu 1913 analandira mphotho ya Nobel ya zolembalemba, woyamba wosachokera ku Ulaya. Nyimbo ya fuko la India ndi yake, ya Bangladesh ndi yakenso. Lero nyumbayo ndi myuziyamu, pansi pa Rabindra Bharati University yomwe inakhazikitsidwa mu 1962. Nsapato umavula pakhomo ngati ukulowa mumzikiti. Umadutsa zipinda za zithunzi, makalata, zovala, za maulendo ake a ku Japan ndi ku China, mpaka kufika m'chipinda chomwe anatsirizikira. Chimene chinandikhudza ine ndi anthu ake: agogo, timabanja, anyamata a pasukulu, onse akunong'ona ngati mwini nyumba wangogona kumene.

Musaganize kuti kumeneko zonse ndi zokoma. Mu 2004 mbava zinaba mendulo ya Nobel ija ku myuziyamu ina ya ku Santiniketan, ndipo mpaka pano sinapezeke. Komabe kuti chinthu chibedwe ndiye kuti wina anachisunga kaye.

Tsono tibwerere kwathu. Nyumba ya Dr Robert Laws ku Livingstonia, Stone House, tinaisunga ndipo alendo amalowamo. Manda a Kamuzu anatsegulidwa mu 2006. Ku Chichiri, ku Karonga, ku Mua, ku Mangochi kuli malo osungirako mbiri. Koma abale anzanga a m'gulu lino, tanditchulireni nyumba imodzi yokha ya mlembi wa Chichewa yomwe mwana wasukulu angalowemo n'kuona tebulo lomwe ankalemberapo.

Tiyambe ndi a Samuel Josia Ntara, ena amalemba Nthara. Anabadwa mu 1905 ndipo anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ya Adatchi. Bungwe lina la ku London, International Institute of African Languages and Cultures, linkachititsa mpikisano wa mabuku olembedwa m'zinenero za mu Afirika, ndipo mphunzitsi ameneyu anapambana ndi Nthondo, lomwe linasindikizidwa mu 1933. Tangoganizani: zaka 20 zokha chilandirire Tagore Nobel, Mchewa wogwira choko anali atalemba kale buku lathunthu m'chinenero chake. Chaka chotsatira, 1934, T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi pa mutu wakuti Man of Africa, ndipo mawu otsogolera analemba ndi Julian Huxley, wasayansi wotchuka wa ku Mangalande. Cullen Young yemweyu ndi amene mu 1946 anatulutsa Our African Way of Life pamodzi ndi dokotala wina wa ku Kasungu wokhala ku London, Hastings Banda. Eya, yemwe uja ndinaima pamanda ake Lachinayi.

Nthondo ndi mbiri ya munthu kuyambira kubadwa mpaka kufa: mwana wovuta, wamanja aatali, wopita kukasaka ntchito kunja, kenako mfumu, pomaliza Mkhristu. Kunena zoona, kumapeto kwakeko kumanunkha guwa. Ukuchita kumva kuti amishoni anali chiimire kumbuyo kwa wolemba. Koma werengani mmene akufotokozera maliro, milandu ya pabwalo, moyo wa kuchikamwini, ndiye mudziwa kuti munthuyu ankaumvetsera mudzi ndi makutu onse awiri. Anadzalembanso za mfumu Msyamboza ya ku Dowa, lomwe Cullen Young anamasuliranso mu 1949 kukhala Headman's Enterprise, komanso Mbiri ya Achewa, lochokera pa zimene anamva kwa akuluakulu. Limeneli linatuluka m'Chingerezi mu 1973, ndipo ofufuza za Amaravi, Kalonga ndi Undi akulitchulabe mpaka lero.

Ena mwina munena kuti Tagore anali mwana wa anthu olemera, eni minda, n'chifukwa chake nyumba yake ndi yanjerwa, yosanja, yosagwa. Zoona zimenezo, sindikutsutsa. Aphunzitsi athu ankakhala m'nyumba za mishoni, akasamutsidwa mumalowa wina, akapuma n'kubwerera kumudzi ndi sutikesi imodzi. Mapepala athu adani ake ndi chiswe, mvula yodontha ndi mdzukulu wofuna pokulungira zitumbuwa. Koma si zipupa zokha zimene zimasungidwa. Kalata imodzi, chithunzi chimodzi, kope loyamba la ku Nkhoma Press, mawu a munthu amene anakhala m'kalasi mwawo, zonsezi zimakwana m'kabati imodzi. Ndipo funso lomweli likudikira a John Gwengwe a Sikusinja ndi Gwenembe, ndi a E.J. Chadza a Kokha Mcheperawakalulu, omwe ambirife tinakhozera nawo mayeso.

Chondidetsa nkhawa ndi nthawi. Mwana amene anaona a Ntara ali pa bolodi, ngati alipo, ndi gogo wa zaka za m'ma 80 kapena 90. Nkhoma ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 50 basi kuchokera mu Lilongwe muno. Loweruka ndikwera minibasi ya m'mamawa ku depoti, ndi kope ndi foni yojambulira mawu, ndikayambire pa tchalitchi kufunsa madoda. A ku Nkhoma, ku Mvera ndi ku Dowa konse, ngati agogo anu anawadziwa, ndiuzeni mudzi wake Lachisanu lisanathe.