Pamene intaneti inkayenda pa waya wa lamya

Dzulo mwana wina wa Folomu 3 anandifunsa kuti modemu n'chiyani. Ndinaseka, kenako ndinamva ukalamba. Choncho ndati ndilembeko pang'ono mbiri imeneyi isanaiwalike.

Imelo inafika m'Malawi muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo inalowera ku Chancellor College ku Zomba. Amene anatsogolera ntchitoyi ndi a Dr Paulos Nyirenda, mphunzitsi wa fizikisi. Ankagwiritsa ntchito njira ya FidoNet, yomwe anaiyambitsa a Tom Jennings ku America mu 1984. Makalata ankasonkhanitsidwa pa kompyuta imodzi. Nthawi ikakwana, kompyutayo inkalumikizana ndi inzake ya kunja kwa dziko kudzera pa lamya, n'kusinthana makalata onse pakamodzi, kenako n'kudula. Zinali ngati basi ya positi. Ukaiphonya, udikira ulendo wina. Anzathu a ku Zambia anatitsogola ndi ZAMNET mu 1994, ife intaneti yeniyeni tinaiona mu 1997 pamene MalawiNet inayamba ntchito. Lamya za pansi zinali m'manja mwa bungwe la positi ndi lamya mpaka mu 2000 pamene linagawidwa n'kubadwa MTL.

Nanga kuno ku Mwanza? Mu 2004 sukulu yathu inali ndi makompyuta asanu akale amene tinapatsidwa, olumikizana okhaokha m'chipinda chimodzi. Mnzanga wina ankaphunzitsa pa sukulu ina ku Blantyre, nawonso anali ndi awo. Tinkalembetsa mayeso okonzekera MSCE ofanana, ndipo mapepala ankayenda pa minibasi mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Chaka china envulopu inafika yotsegula, ndipo tinafufuta mayeso onse a masamu. Apa m'pamene tinaganiza zolumikiza magulu awiri a makompyutawa pa lamya.

Kachitidwe kake kanali kotere. Mbali iliyonse tinasankha kompyuta imodzi yokhala ndi modemu kuti ikhale ngati chipata. Yathu inkaimba, yawo inkayankha, ndipo zikagwirizana kudzera mu PPP, makompyuta ena onse ankadutsira pa chipatacho. Sabata yoyamba zinakanika. Lamya ikulira bwinobwino, mamodemu akuchita phokoso lawo lija, koma palibe chodutsa. Vuto linali lakuti tonse tinapatsa makompyuta athu manambala oyamba ndi 192.168.0, ndiye kompyuta yathu inkafunafuna inzake ya ku Blantyre m'chipinda chathu chomwecho. Iwo atasintha kukhala 192.168.1, ife n'kuuza chipata chathu kumene manambala amenewo amapezeka, njira inatseguka.

Pa bokosi la modemu panalembedwa 56k, koma mamodemu awiri oterewa akamaimbirana okha sapitirira 33.6k. Fayilo ya megabaiti imodzi inkatenga mphindi zinayi ngati waya uli bwino. Mvula ikagwa zinkangoduka. Bilu yoyamba itabwera, a hedi anandiitana mu ofesi.

"Aphunzitsi, kodi mukucheza ndi ndani ku Blantyre usiku wonse?"

Ndinali nditaiwala kuuza kompyuta kuti izidula yokha ikakhala chete. Theka la ndalamayo ndinalipira ndekha. Koma chaka chimenecho mayeso anafika osaonedwa ndi munthu aliyense. Modemuyo inatithandiza mpaka tsiku limene mphenzi inaiwotcha.

Mu 2009 chingwe cha SEACOM cha pansi pa nyanja chinayamba kugwira ntchito ku gombe la kum'mawa kwa Africa, ndipo cha EASSy chinatsatira mu 2010. M'zaka zomwezo MTL inayala faiba yodutsa kuno ku Mwanza kukalumikizana ndi ya ku Mozambique pa Zobue. Ndinkaona anyamata akukumba ngalande m'mbali mwa msewu, mtima wanga n'kumakumbukira mphindi zinayi zija.

Mwana uja ndamuuza kuti abwere Lolemba. Modemu yopsayo ndikadali nayo m'kabati, ndipo ndikufuna aigwire ndi manja ake.