Nthiti za Galu ndi Mbiri ya Unga mu Lusaka

Lusaka atakhala likulu la Northern Rhodesia mu 1935, mzindawu unakula mogawika, ndipo agalu nawo anagawika. Kumayadi a azungu, monga ku Woodlands ndi ku Kabulonga, kunali agalu a mitundu yodziwika ndi maina: Alsatian, kapena Rhodesian Ridgeback amene maonekedwe ake ovomerezeka analembedwa ku Bulawayo mu 1922. Ku Chilenje ndi ku Kabwata, kumene atsamunda anamangira anthu akuda tinyumba tothinana, kunali galu wakumudzi uja, wowonda m'chiuno, wa mchira wopindika.

Kumudzi galuyu anali mlenje. Pobwera ku uzimba ankalandira matumbo ndi mafupa a kalulu kapena gwape, ndiye kuti ntchito yake inkamudyetsa nyama. M'tauni munalibe kosaka. Ntchito inasanduka ulonda, malipiro n'kukhala mkute ndi msuzi wotsala m'poto, pena phala la gaga. Kuyambira pamenepo mbale ya galu wa ku Chilenje inamangika ku thumba la unga. Mtengo wa unga utakwera kuposa kawiri mu Juni 1990, anthu n'kuchita chipolowe mu Lusaka, mkute unasanduka chakudya cha m'mawa cha ana. Galu akanadya chiyani?

Nsima imakhutitsa, koma simanga minofu. Galu wothamanga nthawi yaitali amadalira kwambiri mafuta, omwe ali ndi mphamvu zoposa kawiri za ufa wolemera chimodzimodzi, ndipo amafuna nyama kapena nsomba zokonzera thupi. N'chifukwa chake amayi amene amaponyera mitu ya kapenta mu phala la galu amachita zanzeru kuposa bwana wodzaza mbale ndi nsima yokha.

Kumayadi vuto linali lina: kunenepa. Ife timayesa galu wonenepa ndiye wosamalidwa bwino, monga timaganizira za mimba ya bwana. Madokotala a ziweto amaona mwina. Muyeso umene Dottie Laflamme anafalitsa mu 1997 umayika thupi la galu pakati pa 1 ndi 9, ndipo labwino ndi la pa 4 kapena 5: nthiti zimveke mukasisita ndi dzanja, chiuno chioneke mukayang'ana kuchokera pamwamba. Kafukufuku wa ku America wofalitsidwa mu 2002 anatsata agalu 48 a mtundu wa Labrador moyo wawo wonse. Amene ankapatsidwa chakudya chochepa ndi 25 peresenti anakhala ndi moyo pafupifupi zaka ziwiri kuposa anzawo. Choncho mlonda wa kuseri kwa geti la ku Kabulonga, wopuma wefuwefu akangothamanga pang'ono, ali kutali ndi muyeso monga alili wa mafupa okhaokha wa kumsika.

Chaka cha 2024 chinaonetsa kuti chimanga chimenechi chingaphenso. Dziko lili pa chilala choopsa, agalu anayamba kufa mu Lusaka, m'maso muli chikasu, chiwindi chitaonongeka. Mu Ogasiti nduna ya zaumoyo, Elijah Muchima, inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya chakudya chopangidwa ndi chimanga chokhala ndi aflatoxin, poizoni wochokera ku chuku chomera pa chimanga ndi mtedza zosasungidwa bwino. Kuphika sikumuthetsa poizoniyu. Boma litapima unga wa kuzigayo zikuluzikulu linamupeza mu pafupifupi theka la zitsanzo 25, n'kulamula kuti unga wina uchotsedwe m'masitolo. Ambiri mwa agaluwo sanali a mkute: anali odya chakudya chogula m'matumba, chimene eni ake ankachiyesa chabwino koposa. Unga umene unachotsedwa m'masitolowo unali wophikira nsima ya anthu.